Ndani Sanabwere Lero?

Bwalo lathu lili kuseri kwa sukulu ina ya pulayimale, mukangotuluka m'tauni ya Chipata kutsata msewu wa ku Chadiza. Ndi lopendekeka, moti timu imene yayambira kumtunda imachita kutsetsereka, ndipo pakati penipeni pamadutsa njira ya anthu opita kuchigayo. Amayi akatulukira ndi thumba la chimanga pamutu, woimbira amaimitsa mpira mpaka adutse. Mitengo ya golo ndi ya bulugamu, ndipo chaka sichitha chiswe chisanatigwetsere umodzi. Pamenepo ndi pamene ndakhala ndikuphunzitsa ana mpira kwa zaka zopitirira 10, popanda malipiro, ndikaweruka ku ntchito yanga yopala matabwa.

Ndikulemba izi chifukwa cha mawu awiri amene anthu a m'mabungwe amawakonda, kalondolondo ndi kauniuni, omwe paokha amangoti M&E, kutanthauza kulondola mmene ntchito ikuyendera ndi kuunika zimene yabala. Ndinawamva koyamba m'holo ya loji ina m'tauni, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkayesa kuti ndi dzina lina la mafomu. Zinthu ziwirizi zinatsala pang'ono kutiphera timu, komanso ndi zomwezo zimene zaisunga mpaka lero. Zinangotengera kuti tikuwerenga chiyani, ndipo tikawerenga tikukauza ndani.

Kale tinkamenya chimpombwa, mpira wa mapepala apulasitiki wokulunga ndi malegeni. Ana 30 kapena 40, opanda nsapato, timu ina yovula malaya kuti tisiyanitse. Ndiye tsiku lina kunabwera galimoto yoyera. Bungwe lina, limene sinditchula, linasankha sukulu zingapo m'dera lathu kuti kwa zaka 3 liphunzitse ana za HIV ndi za kudzisamala kudzera m'masewera. Anatipatsa mipira yachikopa 10, majezi a matimu awiri, makoni, wezulo, pampu, ndi kandalama ka sopo mwezi uliwonse kwa ife makochi. Usiku umenewo tulo sitinabwere chifukwa cha chimwemwe, ndipo mpaka lero ndimawathokoza anthu amenewo. Atsikana anayamba kusewera pabwalo lathu chifukwa cha iwowo, poti anakanitsitsa kupereka kanthu pamalo opanda timu ya atsikana.

Njira imeneyi si yachilendo m'Zambia muno. Bungwe la Sport in Action linayamba mu 1998, la EduSport mu 1999, ndipo mu 2001 kunabadwa mgwirizano wa Kicking AIDS Out, nthawi imene matendawa ankatha anthu m'midzi ndi m'makomboni. Ndalama zambiri zimene zalowa m'mpira wa ana kuyambira pamenepo zinabwera chifukwa mpira umasonkhanitsa ana msanga kuposa belu la sukulu, ndipo akasonkhana mukhoza kuwaphunzitsa zina. Wopereka ndalama zotero ali ndi omufunsa kwawo, okhoma msonkho kapena a mpingo amene anasonkha, ndipo ayenera kuwaonetsa kuti ndalama zinafika kumene zinalinga. Zimenezo ndimazimvetsa, ndipo ndikanakhala ine ndikanafunsanso. Mafomu amachokera kumeneko.

Fomu yathu inali ya Chingerezi, masamba 4. Dzina la mwana, zaka, mnyamata kapena mtsikana, giredi, mutu wa phunziro la tsikulo, ndi malo oti mwana asayine yekha. Taganizani mwana wa Giredi 3 wagwira bolopeni, pepala lili pabondo langa, mphepo ya mu Julayi ikulikupiza, anzake 50 ali pamzere kumbuyo kwake. Tinkayamba 15 koloko, ndipo dzuwa la nyengo yozizira silidikira munthu. Masiku ambiri theka la nthawi linkathera pa kusayina, mipira ili phee m'thumba. Kutha kwa mwezi ndinkapalasa njinga kukasiya mafomu ku ofesi. Kenaka anasintha, akuti tizijambula ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp, bandulo yake yochokera m'thumba mwanga.

Koma chimene chinatipotoza kwenikweni ndi nambala. Tinauzidwa kuti bwalo lililonse lizifikira ana 200 pa miyezi 3 iliyonse. Ana amene ankabweradi osajomba sankakwana 60. Mwana akasayina kamodzi kokha, ndiye kuti wafikiridwa. Tsono tinaphunzira msanga. Sabata yomaliza ya kota tinkapempha aphunzitsi aakulu kuti atitulutsire makalasi onse, ku ofesi n'kutumiza mabisiketi ndi zakumwa, bwalo n'kudzaza thothotho, chithunzi n'kujambulidwa. Ndinachita zimenezi ndi manja angawa, kangapo konse, ndipo zimandipweteka ndikakumbukira. Palibe anandiuza kuti ndiname. Ndinangoona kuti kochi amene nambala yake yatsika amaitanidwa kukafotokoza, pamene wa nambala yokwera amatumizidwa ku wekishopu ku Lusaka. Mu Januwale ndi Febuluwale, ana onse ali kumunda kupalira, bwalo litamera udzu wofika m'mawondo, mafomu athu ankaonetsa chiwerengero chomwe chija cha mu Ogasiti.

Panali mtsikana wina wa Giredi 7 amene ankaima pagolo. Wamtali, wosayankhulayankhula, manja ngati anapakamo ulimbo. Ankadziponya pa nthaka youma ija mopanda mantha, n'kudzuka akusasa fumbi, osayang'ana n'komwe pachigongono pamene pasupuka. M'chaka chachiwiri cha polojekiti anasiya kubwera, ndipo ine ndinazindikira patapita masabata 5. Ndibwerezenso kuti ndisadzibisire: masabata 5. Maso anga anali pa mzere wa pansi pa fomu, pamene timaphatikiza onse, ndipo pamenepo panalibe chosowa, chifukwa malo ake analowapo mayina atatu atsopano. Kota imeneyo nambala ya atsikana inakwera, ndipo tinayamikiridwa.

Nditafunsa anzake, anayamba ayang'anizana, kenaka wamng'ono pa onse anati, "A Kochi, anapita kubanja." Anali atamukwatitsa kumudzi wina cha ku Mwami. Ndinathamangira kwa makolo ake, koma madzi anali atatayika kale. Dziko lathu lakhala ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka kuyambira 1997, ndipo kumapeto kwa 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ngakhale ukwati wa pamudzi usachitike munthu asanakwanitse zaka 18. Mafumu athu aakulu, a Gawa Undi ndi a Mpezeni, akhala akudzudzula poyera maukwati a ana. Koma zonsezi zimathandiza ngati wina wazindikira msanga kuti mwana wasowa, nkhani ikadali pakamwa pa akuluakulu, ng'ombe zisanasinthe khola. Polojekiti imene inabwera kudzateteza atsikana ngati iyeyu inalibe ngakhale kabokosi kamodzi pafomu kofunsa za mwana amene wasiya kubwera.

Ndinadzakumana naye patapita zaka ziwiri pamsika wa Kapata, mwana kumbuyo, akugulitsa tomato. Anapinda maondo pondipatsa moni, n'kundifunsa chinthu chimodzi chokha: "A Kochi, pagolo pamaima ndani masiku ano?"

Chaka chomaliza cha polojekiti kunabwera wounika wochokera ku Lusaka, mtsikana waulemu ndi wanzeru, thabuleti ili m'manja. Tinauzidwa kutatsala sabata imodzi. Tinatchetcha bwalo, tinathira phulusa m'mizere, majezi anachapidwa, a mfumu tinawaikira mpando pansi pa mtengo wa mango. Makolo amene tinaitana ndi amene tinkadziwa kuti pakamwa pawo m'pabwino. Mafunso ankabwera m'Chingerezi, womasulira wake n'kukhala wa ku ofesi, yemwe uja wotipatsa kandalama ka sopo. Ndani angauze mlendo, mwini mipira ali pomwepo, kuti pampu inathyoka chaka chatha ndipo mipira yatsala itatu? Aliyense anati zikuyenda bwino, tikuthokoza, musatisiye. Pofika 13 koloko galimoto inali itanyamuka kale kupita kusukulu ina.

Komabe mtsikanayo anafunsa funso limodzi labwino, atazimitsa kale thabuleti yake. "Nanga bungwe likachoka, mpira womaliza n'kuphulika, mudzatani?" Tonse tinangoti zii. A mfumu anayang'ana ine, ine ndinayang'ana aphunzitsi. Kwa zaka 3 tinali titayankha mafunso osawerengeka, koma limeneli panalibe anatifunsapo, ndipo ifenso tinali tisanadzifunse. Lipoti limene anakalemba sitinalionepo. Mayina onse aja, zithunzi zonse zija, zinapita ndi galimoto.

Polojekiti inatha ndi mwambo wabwino ndi masatifiketi. Paja mlendo ndi mame. Chaka chisanathe, matimu ambiri amene tinkapikisana nawo m'zoni mwathu anali atabalalika. Makochi ena anali atazolowera kandalama kaja, ndipo sindiwaweruza, munthu ali ndi banja. Ana ena anali atazolowera bisiketi. Makolo, amene kale ankasonkha okha ndalama yogulira kampira kapulasitiki, anali ataphunzira kuti mpira wa ana ndi nkhani ya mabwana a galimoto yoyera. Ine ndinachedwa kuzindikira kuti mafomu aja anali atasintha mwini wa timu. Ndinkadziwa tsiku limene ofesi ikufuna lipoti, ndinkadziwa nambala ya foni ya wolandira lipotilo, koma ndinali ndisanapondepo pakhomo pa amake a mwana amene amakhala kuseri kwa chigayo, poti n'kuwaitana ndili pabwalo n'kumva.

Amene anatidzutsa ndi amayi ena achikulire ogulitsa vitumbuwa pachipata cha sukulu. Ndi msungichuma wa Chigwirizano cha amayi ku mpingo kwawo, komanso wa kagulu ka banki ya m'mudzi, ndipo mdzukulu wawo ankatchinga kumbuyo m'timu ya atsikana. Tsiku lina anandipeza nditakhala pachulu ndi ana 12 okha ndi mpira umodzi wa zigambazigamba. Anatula beseni lawo n'kukhala pansi.

"A Kochi, zaka zonsezi ndakhala ndikukuonani mukulemba amene abwera. Nanga amene sanabwere amawalemba ndani?"

Ndinasowa choyankha.

"Ife ku Chigwirizano, mnzathu akajomba kawiri timanyamuka kukamuona. Mwina wadwala, mwina panyumba pavuta. Wobwerayo mwamuona kale ndi maso, mukumulemberanji?"

M'mawa mwake anabwera ndi buku lakuda la chikuto cholimba, longa lomwe amalembamo za banki. Analigula ndi ndalama ya vitumbuwa.

M'bukumo timalemba m'chinenero chathu. Mayina a ana onse amalembedwa kamodzi kokha, kumayambiriro kwa temu. Tsiku la masewera kaputeni amaitana mayina ataima pakati pa bwalo, mphindi 3 zatha, ndipo cholembedwa ndi dzina la amene sanayankhe, pambali pake chifukwa, ngati anzake akuchidziwa. Akajomba kawiri motsatizana, anzake awiri amadzera kwawo popita kunyumba. Kachitatu amapita ndi amayi aja ngati ndi mtsikana, ine ngati ndi mnyamata. Kumbuyo kwa buku, kuyambira tsamba lomaliza kubwerera m'mbuyo, kuli ndalama: yalowa zingati, yatuluka zingati, wasayina ndani. Pakati pali tsamba la katundu, ndipo mpira uliwonse uli ndi nambala yake yolemba ndi penti.

Patatha chaka tinakhala pansi n'kuliwerenga lonse, tsamba ndi tsamba, ndipo linationetsa zinthu zimene zinali pamphuno panga zaka zonsezi. Atsikana ankajomba kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo pambali pa mayina awo panali mawu amodzi obwerezabwereza: kumjigo. Zitsime zikaphwa mzere wa pamjigo umatalika, ndipo 15 koloko imampeza mtsikana ataima pamenepo ndi chigubu. Anyamata ankasowa mvula ikagwa, ena kupalira, ena kubusa ng'ombe kuti zisalowe m'minda ya anthu, ndipo amene anapita kukabusa ng'ombe za eni ndi amene sankabweranso konse, ngakhale kusukulu. Epulo ndi Meyi, onse ali kokumba mtedza. Tinasuntha masewera a atsikana kuti azichitika Loweruka masana ndi Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi. Kaligi kathu tinakaika kuyambira Juni mpaka Okutobala, ndipo dzinja timakumana kamodzi pa sabata basi, kuti ana tisawataye m'maso. Nthawi ya polojekiti sitikanatha kusintha chotero, chifukwa ndondomeko inali italembedwa kale kuti kota iliyonse ikhale ndi maphunziro ofanana, mvula kapena dzuwa.

Woyamba kumubweza ndi buku limeneli anali kamnyamata ka zaka 11. Katajomba kachitatu ndinakwera njinga kupita kwawo, ndipo ndinapeza kuti atsibweni ake anakapereka kwa munthu wina wa ng'ombe, pa pangano lakuti kakabusa zaka zingapo kadzapatsidwa ng'ombe yakeyake. Kwa banja lopanda khola, pangano lotero ndi chuma, ndipo sindinapite kumeneko kukanyoza anthu. Tinakhala pansi katatu, a mfumu ali pomwepo, mpaka anagwirizana kuti mwana abwerere kusukulu, azithandiza kubusa Loweruka m'mawa ndi pa holide. Ena awiri amene tinawalondola chaka chomwecho sitinathe kuwabweza. Mayina awo akadali m'buku loyamba, ndi tsiku limene tinapita komaliza.

Chinanso anachitulukira ndi amayi aja, chimene ine mwamuna sindikanauzidwa. Atsikana okulirapo, makamaka amene atha msinkhu n'kulangizidwa, ankasiya mwakachetechete. Atapita kukacheza nawo anamva kuti makabudula amene tinalandira aja anali aafupi kwambiri, moti azakhali ndi anamkungwi ankawadzudzula, komanso masiku ena a pamwezi analibe chovala choti n'kuthamanga nacho mosaopa. Telala wa pamsika anatisokera makabudula ofika m'mawondo, ndipo amayi a Chigwirizano anaphunzitsa atsikana kudzisokera nsalu zochapa zogwiritsa ntchito masiku amenewo. Atsikana 4 anabwerera temu yomweyo.

Kauniuni wathu amachitika kutha kwa temu iliyonse, pansi pa mango womwe uja. A mfumu amakhalapo, aphunzitsi aakulu, kholo lililonse limene lafuna, ndi ana omwe. Buku limawerengedwa mokweza, ndalama mpaka ngwee yomaliza. Ulendo woyamba kunapezeka kuti ndalama ya mpira umodzi inabwerekedwa ndi mmodzi wa akomiti ndipo sinabwezedwe. Panalibe kukalipirana. A mfumu anangofunsa tsiku limene ibwere, ndipo inabweradi. Kuyambira pamenepo makolo anayambanso kusonkha, K5 pakhomo pa temu, wopanda ndalama mbale ya mtedza. A mfumu anatidulira kamunda, ana ndi makolo amalimamo soya, ndipo mipira imene tili nayo lero inachokera m'menemo.

Pa msonkhano womwewo ndimamvanso za ine mwini, ndipo zina zimalasa. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti, "A Kochi, mipira yatsopano mumayamba mwapatsa anyamata, atsikana amalandira yakutha." Tinatsegula tsamba la katundu, ndipo zinali zoona. Mayi wina anati ndimakalipira ana aang'ono mpaka ena amaopa kubwera, komanso ana ake amafika panyumba kutada. Wounika wa ku Lusaka sakanamva zimenezi pa tsiku lake limodzi lija. Ine ndinazimva nditakhala pabenchi pamaso pa mudzi wonse. Ndinapepesa, ndipo masiku ano wezulo womaliza amalira dzuwa likadali pamwamba pa phiri.

Chaka cha 2024 chinatiyesa. Mvula inadula pakati pa nyengo, chimanga chinauma chili chiimire, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Soya wathu anapsa. M'bukumo munayamba kuoneka mawu amene kale sankapezekamo: sanadye, ali kuganyu, amutumiza kwa agogo. Tinafupikitsa masewera, tinasiya zothamanga kuzungulira bwalo, ndipo mayina a ana amene ankajomba ndi njala tinawapereka kwa a mfumu ndi kusukulu kuti mabanja awo asaiwalike thandizo likabwera. Chaka chimenecho sitinagule mpira. Tinabwerera ku chimpombwa kwa miyezi ingapo, koma Loweruka lililonse mayina ankaitanidwa.

Boma litakweza ndalama za CDF, za chitukuko cha m'madera a aphungu, mu 2022, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, tinaganiza zokapempha mitengo ya golo yachitsulo, tipumeko ku chiswe. Ulendo woyamba tinabwerera panjira tokha. Gulu lathu linali losalembetsa, linalibe akaunti ku banki, ndipo umboni wa ntchito yathu ya zaka 3 unali m'makompyuta a anthu amene anachoka. Tinalibe ngakhale pepala limodzi. Pano tinalembetsa, ndipo popita ku komiti ya chitukuko ya m'wodi mwathu tinanyamula mabuku atatu akuda. Wapampando anatsegula loyamba, anapeza dzina la mwana wa mlongo wake, n'kuwerenga mpaka kumapeto. Pempho lathu lili m'njira.

Pali muyeso wina umene umatinyenga ife eni, wosachokera kwa opereka thandizo. Mwana aliyense pabwalo lathu amadziwa kuti Fashion Sakala ndi wa kuno ku Chipata, kuti anali m'timu ya anyamata osapitirira zaka 20 imene inatenga chikho cha Africa mu 2017, ndi kuti anakafika mpaka ku Rangers ya ku Glasgow. Atsikana amatchula Barbra Banda, amene anamwetsa zigoli zitatuzitatu m'masewera awiri otsatizana pa Olimpiki ya ku Tokyo. Mayina amenewa atithandiza kwambiri. Bambo wina amene ankaletsa mwana wake wamkazi kumenya mpira anafewa ataona ma Copper Queens, timu ya dziko lathu ya amayi, pa World Cup ya 2023. Koma makolo ena amandifunsa kuti, zaka zonsezi mwatulutsa ndani? Ndikayankha kuti palibe amene walowapo mu David Kaunda Stadium atavala jezi ya timu yaikulu, amaona ngati tangotaya nthawi. Ndimawatsegulira buku n'kuwaonetsa atsikana amene analowa ali Giredi 4 ndipo lero ali ku sekondale, mayina awo osadukapo temu ndi imodzi yomwe. Ndi chimene ndingathe kuonetsa, ndipo kwa ine n'chachikulu.

Buku lathu silikwanira pa zonse. Silingatiuze ngati ana athu akumvetsadi za HIV kuposa anzawo amene sasewera, ndipo ife eni tili nazo zimene maso athu safuna kuziona. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo funso loyamba kutitsegula m'maso linachokera kwa mtsikana wa thabuleti uja. Sitingakanenso kuti thandizo la kunja tikulifuna, ngakhale tinaona kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake, mmene ntchito yodalira thumba limodzi imazimira usiku umodzi. Choncho bungwe lina litabwera posachedwapa kudzafunsa ngati tingagwire nalo ntchito, sitinakane. Tinawakhazika pansi pa mango, amayi aja n'kuika buku patebulo. Anawapempha kuti nambala zimene akufuna azitenga m'buku lathu m'malo motipatsa kaundula wachiwiri, ndipo chilichonse chimene alemba za ife azitisiyira kope m'chinenero chimene makolo angamve. A mfumu anawonjeza kuti azibweranso mu Febuluwale, msewu uli matope okhaokha, osati mu Julayi mokha. Ine ndinapempha kuti wounika akadzabwera adzacheze ndi ana ife makochi tili kutali, ndipo adzabwerenso patatha chaka ndalama zitatha, adzaone chimene chatsala. Mnyamata amene anawatsogolera analemba zonse, n'kunena mosabisa kuti zina zili m'manja mwake, zina ayenera kukafunsa kwa amene amawapatsa ndalama. Ndinamukhulupirira chifukwa cha yankho limenelo.

Maso a amayi aja ayamba kuchita nkhungu, ndipo chaka chino bolopeni anaipereka kwa mdzukulu wawo uja, amene pano ali Giredi 11 ndipo amandithandiza kuphunzitsa ang'onoang'ono. Iwo amakhalabe pambali ndi beseni lawo, kumvetsera mayina. Loweruka lapitali kaputeni anaitana dzina la kamtsikana kena ka Giredi 5, kothamanga kuphiko lakumanzere, ndipo panalibe woyankha. Anaitananso. Mdzukulu uja anatembenuza tsamba n'kunena kuti n'kachiwiri. Anzake awiri anadzera kwawo madzulo omwewo, ndipo Lamulungu anabwera ndi yankho: amake agonekedwa m'chipatala, ndiye iye ndi amene akulera khanda ndi kuphikira azing'ono ake. Amayi aja atamva anapukuta manja pachitenje, n'kutembenukira kwa ine.

"A Kochi, sitidikira kachitatu. Mawa m'mawa mundinyamule panjinga, tikaone ngati m'nyumbamo muli ufa."